Azakhali Anga ndi Khomo la ku Mpopi

Azakhali anga ndi telala. Kuyambira Lolemba mpaka Loweruka mudzawapeza pakhonde la sitolo ya zitsulo, mwendo uli pa makina, tepi yoyezera ili m'khosi, mapini atatu ali pakamwa, koma akulankhulabe. Mmene amachitira kuti asameze ndi imodzi yomwe, mukawafunse eni ake. Akakuyang'anani kamodzi adziwa kale kuti mwanenepa ndi mainchesi angati, ndipo sabisa ayi. Ine anandiuza pamaso pa makasitomala anayi kuti, "Iwe mwana wa achimwene, siketi ija usabwere nayonso, nsalu yomasula inatha." Ndinakwiya masiku awiri, tsiku lachitatu ndinapita ndi siketi ina.

Koma ntchito yawo yeniyeni ndi ya Lamulungu. Zaka makumi atatu ndi chimodzi akhala akuima pakhomo la tchalitchi chathu kulandira anthu, mpaka dzina lawo linaiwalika, onse amangoti Mayi Lowani. Anayamba ali mu kwaya. Woyang'anira kwaya wa nthawi imeneyo, atamva mawu awo kwa miyezi itatu, anawauza mwaulemu kuti Ambuye anawapatsa mphatso yaikulu yolandira alendo, ndipo n'kulakwa kuikwirira. Iwo mpaka lero amakhulupirira kuti anakwezedwa. Ali ndi kachikwama kamene sikachoka m'khwapa. Mumakhala singano ya mabatani othothoka, maswiti a otsokomola, ndi magalasi amene wina anaiwala kalekale, amene tsopano amabwerekedwa kwa aliyense wosiya ake kunyumba. Amadziwa kuti agogo akutiakuti samva khutu limodzi, ndiye khutu labwinolo liloze kuguwa. Awa ndi awa anakangana za malire a mpanda, ndiye pakati pawo pakhale mizere itatu. Mayi wa khanda pafupi ndi khomo. Wokonda kusinza kuseri kwa chipilala, kuti abusa asagwe mphwayi.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anamukhazika polakwika, ndipo ndi mwana wawo yemwe, msuweni wanga. Zaka khumi ndi zinayi zapitazo msuweni wanga anatenga mimba asanakwatiwe. Nthawi imeneyo mpingo wathu unali ndi benchi ya kumbuyo kwenikweni, pansi pa zenera, yokhalapo anthu amene ali pa chilango. Akulu a mpingo akagamula, woperekeza munthu pa benchiyo amakhala woima pakhomo. Azakhali anamugwira mkono mwana wawo, anthu onse atapotoza makosi, n'kukamukhazika pamenepo. Anakhalapo masabata atatu. Sabata yotsatira anakwera basi kupita ku tauni ina, ndipo chichokereni sanapondenso kuno. Pa foni amalankhulana, inde, koma za mwadzuka bwanji ndi za mvula basi. Mdzukulu wawo azakhali amangomudziwira pa zithunzi. Nkhaniyi pabanja pathu sititchula. Koma ine ndimaona Lamulungu lililonse mmene maso awo amathamangira kumsewu minibasi ikaima, ndipo zimandiwawa.

Tsono ine ndili ndi kashopu ka fotokope. Ndimataipanso makalata ndi kusindikiza zithunzi za maukwati. Pa chifukwa chimenechi mpingo umandiyesa katswiri wa chilichonse chokhala ndi waya, kuyambira maikolofoni mpaka ketulo. Komiti itagwirizana kuti nafenso tikhale ndi webusaiti ngati anzathu a mpingo wa tsidya la msewu, palibe anandifunsa ngati ndikufuna. Anangondiombera m'manja.

Abale, zimene anandibweretsera! A Hedi, mlembi wa mpingo, amene anapuma uphunzitsi koma uhedi sanapume, anabwera ndi mbiri ya mpingo ya masamba khumi ndi awiri, kuyambira tsiku limene anthu anadula mtengo woyamba pamalopo. Mkulu wa mpingo aliyense anafuna chithunzi chake, atavala jekete, nkhope ili ndwii ngati ya pa chiphaso. A kwaya anatumiza zithunzi makumi anayi, zonse za yunifolomu yatsopano. Ndipo onse anagwirizana kuti pamwamba penipeni pa tsamba loyamba pakhale khomo lathu lalikulu la kumsewu, lija la zitseko ziwiri zosemedwa bwino ndi masitepe asanu ndi awiri. Ndinaika zonsezo. Ine ndani kuti ndikane? Inaoneka bwino ndithu, moti A Hedi anapukuta magalasi kawiri kuti aonetsetse dzina lawo.

Patapita mwezi msuweni wanga anandiimbira. Tinaseka za izi ndi izo, kenaka anati, "Iwe, mwana wangayu wandivuta. Akuti akufuna akaone tchalitchi cha agogo ake. Ndamva muli ndi webusaiti. Tanditumizira, ndione kaye mmene zilili masiku ano." Ananena mopepuka ngati akufunsa mtengo wa sopo, koma ine ndinadziwa kuti si nkhani yopepuka. Ndinamunamiza kuti intaneti yavuta, nditumiza mawa. Ndinatseka shopu n'kuthamangira kukhonde kwa azakhali.

Atamva, anachotsa mapini pakamwa imodziimodzi. Anaphimba makina ndi nsalu dzuwa likadali pamutu, chinthu chimene sanachite ngakhale tsiku limene anakazulitsa dzino.

"Usatumize," anatero. "Ndionetse kaye chinthu chakocho."

Webusaiti anali asanaionepo, poti foni yawo ndi ya mabatani. Ndinawapatsa yanga, iwo n'kuitalikitsa mkono wonse, diso limodzi atatsinzina.

"Ili ndi khomo liti?"

"Lathu, azakhali. La kumsewu."

"Iwe unalowerapo liti pamenepa?"

Ananena zoona. Khomo limenelo silitsekulidwa. Pamene tinkakulitsa tchalitchi zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, guwa linasamukira mbali ya kumsewu, ndiye khomo lalikulu linatsalira kumbuyo kwa abusa. Mlendo wina, bambo wa sutikesi, analikankha ulaliki uli pakati, n'kupezeka waima paphewa pa abusa, mpingo wonse ukumuyang'ana. Anagwada, kaya chifukwa chiyani, kenaka anatuluka chambuyo osabweranso. Kuyambira pamenepo tinaikapo loko, ndipo kuseri kwake timasungako ng'oma ndi makwerero. Tonse timalowera khomo la m'mbali, kudutsa kanjira ka pakati pa mpanda ndi thanki, pafupi ndi mpopi. Tinazolowera mpaka kuiwala kuti pali chofotokozera munthu. Anthu khumi ndi awiri a mu komiti, kuphatikiza ine wa fotokope amene ndimadzitcha wochenjera, tinaika khomo lokhoma pa tsamba loyamba n'kulemba pansi pake ndi zilembo zazikulu kuti Takulandirani.

"Mwana wanga anachoka guwa lisanasamuke," anatero azakhali. "Afike, akwere masitepe asanu ndi awiri atagwira mwana wake pa mkono, apeze loko. Aganiza chiyani?"

Anandibwezera foni n'kufunsanso.

"Nthawi yoyambira mapemphero ili pati?"

Ndinafufuza. Inali pa tsamba lachisanu, pansi pa mndandanda wa abusa onse amene anatumikirapo kuno, komanso inali nthawi yakale, imene tinasintha chaka chatha.

"Nanga mlendo akafika apeza ndani? Ana amapita kuti? Chimbudzi chili kuti?"

"Koma azakhali, chimbudzi pa webusaiti?"

"Iwe sunayendepo ndi mwana pa minibasi maola awiri. Funso loyamba la mlendo pakhomo panga ndi limenelo, osati za amene anadula mtengo."

M'mawa mwake anandikokera ku siteji ya minibasi. Akuti tikhale alendo. Anavala nsapato za Lamulungu, kachikwama m'khwapa, n'kumayenda pang'onopang'ono akuyang'ana uku ndi uku ngati sanabadwire konkuno, ine pambuyo ndi foni. Chikwangwani chathu chinali chitabisika ndi nthambi. "Jambula, ndipo upeze wodula." Kanjira ka ku thanki. "Jambula." Mpopi. "Jambula, koma chotsa kaye tsachelo, tingaoneke auve." Wokonza matayala pakona anawafunsa ngati ataya kanthu, iwo n'kuyankha ndi mawu achilendo kuti, "Pepani bambo, kodi tchalitchi chili kuti kuno?" Bamboyo, amene ana ake onse anavala yunifolomu yosokedwa ndi azakhali, anangogwira pakamwa n'kundiyang'ana ine ngati akufunsa kuti zayamba liti.

Pa khomo la m'mbali anaima, anakonza kolala ya bulauzi, n'kunena kuti ndiwajambule pomwepo. Ndinajambula kasanu ndi kawiri, chifukwa akangoona foni nkhope imauma gwa. Ndinachita kuwakumbutsa za bambo wa sutikesi kuti aseke.

Mawu anandilembetsa okha, ataima kumbuyo kwanga mu shopu, akununkhira mafuta a makina. Ndikataipa kuti "Okondedwa mwa Ambuye, ndi chimwemwe chosefukira," iwo amati, "Fufuta. Ndani amalankhula choncho pakhomo?" Ndikaika mawu ataliatali amandigogoda paphewa ndi tepi. Zimene zinatsala ndi izi. Timayamba 9 koloko, timamaliza cha m'ma 11, abusa akaiwala wotchi mutikhululukire. Khomo lalikulu n'lotseka, musadandaule, sitinatsekere inu. Lowerani ku mpopi. Mudzapeza mayi wamfupi wa kachikwama, ndi ineyo. Valani zimene muli nazo. Mwana akalira, alire, ifenso tinalirapo. Mbale ya chopereka ikakudutsani musachite manyazi. Chimbudzi chili kuseri kwa thanki.

Ku komiti kunabuka moto. Azakhali si a mu komiti, koma anabwera ndi mpando wawo n'kukhala, paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. A Hedi ataona kuti mbiri yawo yatsikira pansi, ndipo pamalo pa khomo losemedwa pali mpopi, anaimirira.

"Mlendo ayenera kudziwa kumene tinachokera!"

"A Hedi," anatero azakhali, "mlendo akufuna kudziwa polowera. Kumene tinachokera mudzamuuza akakhala pansi, poti inu simutopa."

"Nanga chimbudzi pa tsamba loyamba la mpingo wa Mulungu?"

"Inu sabata yatha munapitako kawiri ulaliki uli m'kati. Ndimaima pakhomo, ndimaona."

Nkhondo yaikulu inali ya kuimiritsa alendo. Kwathu zolengeza zikatha A Hedi amati, "Alendo aimirire," n'kuwapatsa maikolofoni kuti anene dzina, kumene achokera, mpingo wawo, ndiponso ngati ali pa banja. Ife timati ndi chikondi. Azakhali anati iwo alendo amawaonera kumsana, ndipo malaya amachita kunyowa ndi thukuta. Ambiri sabweranso. Azakhali ankafuna tilembe pa webusaiti kuti palibe adzaimiritsidwe. Anakangana mpaka tiyi anazizira m'makapu. Abusa, bambo ofatsa amene anabwera kuno zaka zinayi zapitazo, anagamula kuti wofuna kuimirira aimirire, wosafuna asakakamizidwe. A Hedi anapempha kuti zilembedwe m'buku kuti iwo sanagwirizane nazo, ndipo analemba okha, poti mlembi ndi iwo omwe.

Ndinamutumizira msuweni wanga Lachitatu m'mawa. Azakhali anakhala mu shopu mwanga tsiku lonse, akuti akundithandiza. Anapinda makalata a kasitomala amene sanafunike kupindidwa, anandikonzera shelefu mpaka ine osadziwanso pamene pali inki. Foni ikalira tonse awiri timadumpha. Yankho linabwera cha m'ma 3 koloko.

"Amayi aoneka bwino pa chithunzi. Koma benchi ija ndaiona. Ikadali pansi pa zenera."

Ndinatsegula chithunzi cha m'kati mwa tchalitchi. Zoona, pakona, kumbuyo kwa mipando ya pulasitiki, kankaoneka kamwendo ndi theka la thabwa. Ine wojambula sindinaione n'komwe. Chilango cha pa benchi chinatha mwakachetechete abusa atsopanowa atabwera. Palibe analengeza, palibe anapepesa, tinangoyamba kuikapo maambulera. Koma msuweni wanga anaiona pa kafoni, ali kutali ulendo wa maola awiri.

Ndinapsa mtima, ndisaname, ndipo sindikudziwa kuti ndinapsera ndani.

"Azakhali, iyi ndi ntchito ya mphindi imodzi. Ndidula chithunzichi, benchi ichoka."

"Ukaidula pa foni, m'tchalitchi ichokanso?"

"Ndiye tikaitulutse Loweruka, tikaiwaze nkhuni."

"Ndipo iye aiwala kuti anakhalapo? Aiwala amene anamugwira mkono?"

Azakhali anasalaza pepala limodzi ndi chikhatho. Kenaka ananyamula kachikwama n'kunena kuti nditenge foni, tipite.

Ku tchalitchi kunalibe munthu. Anachotsa maambulera awiri oiwalika, anapukuta fumbi ndi mpango wawo, n'kukhala pa benchiyo. Ulendo uno sanakonze kolala, ndipo ine sindinawauze kuti aseke. Ndinajambula kamodzi kokha. Titabwerera ku shopu anandilembetsa mawu oika pansi pake, osandilola kusintha ngakhale chilembo.

"Benchi iyi kale tinkakhazikapo anthu kuti achite manyazi. Wowaperekeza anali ine. Ndinaperekezapo mwana wanga, ndipo ndinalakwa. Mukabwera, khalani pamene mwafuna."

Ndinataipa. Ndinati, "Azakhali, izi aziona anthu onse."

"Tsiku lija sanaone anthu onse?"

A Hedi anandiimbira m'mawa mwake, mawu ali m'mwamba, akuti tauvula mpingo pagulu, ndifufute msanga. Ndinawauza kuti akadandaule kwa abusa, ine ndi wa fotokope chabe. Abusa anawerenga kawiri n'kungoti, "Zisiyeni. Amene tinayenera kulemba zimenezi ndi ife."

Msuweni wanga ndinali nditamutumizira chithunzicho ndi mawu ake usiku womwewo, koma sanayankhe. Foni inangoonetsa kuti wawerenga, basi. Lachisanu zii. Loweruka zii. Azakhali anasoka mkono wa diresi la kasitomala chozondoka, n'kuyamba kukalipira makina.

Lamulungu anafika pakhomo 7 koloko, wosesa asanamalize. Webusaiti inagwira ntchito, apo ndisabise. Kunabwera banja lina lachilendo, bambo atagwira foni m'manja akutsata zithunzi, ndipo mwana wawo analunjika kuseri kwa thanki osafunsa munthu. Azakhali anawalandira bwino, anawakhazika bwino, koma maso ali kumsewu. Nyimbo yoyamba inadutsa. Yachiwiri inayamba. Ine ndinali nditaima nawo, ndikunamizira kuthandiza kugawa mapepala a nyimbo.

Kenaka pa kanjira ka ku thanki panatulukira mtsikana wamtali, wa zaka khumi ndi zitatu, atavala diresi lachikasu, akuyenda ngati akuwerenga mapazi. Anaima pa mpopi. Anayang'ana kachikwama, kenaka nkhope.

"Ndinu agogo?"

Azakhali anamugwira mapewa onse awiri. Kenaka anati, "Amayi ako ali kuti?"

"Ali ku siteji. Akuti ine ndilowe, iwo andidikira konko. Akuti sanakonzeke."

Ndinasuzumira pamwamba pa mpanda. Anali atakhala pa kakhoma ka simenti tsidya la msewu, chikwama pambali, msana ataulozetsa ku tchalitchi. Ngakhale kumsana ndinamuzindikira.

Azakhali sanachokepo pakhomo mapemphero ali m'kati, mvula kaya malungo. Tsiku limenelo anandiunjikira mapepala a nyimbo pachifuwa.

"Mwanayu akhale pamene wafuna. Akabwera ena uwalandire, ndipo uziseka, nkhope yakoyo imathamangitsa anthu."

Ndinamulowetsa mtsikanayo, anasankha yekha mpando wa pakati, koma ine ndinabwerera pa mpanda. Ndiweruzeni ngati mukufuna. Ndinawaona azakhali akuwoloka msewu osasamala ngakhale njinga imene inawaimbira belu. Msuweni wanga anatembenuka, anayamba kuimirira, n'kukhalanso. Pamsewu panali phee, moti mawu ankamveka mpaka kwa ine.

"Amayi, mapemphero ayamba. Pakhomo mwasiya ndani?"

"Pali anthu," anatero azakhali. "Tasendera, ndikhale."

Msuweni wanga ananyamula chikwama n'kusendera. Anakhala pamenepo mpaka mapemphero anatha, minibasi zikuima ndi kunyamuka, kondakitala aliyense akuwafunsa kumene akupita, iwo akungopukusa mitu.